Masheya Amene Ndinagula Kuseri kwa Khola

Bambo a ana anga atamwalira, mwana wanga wamwamuna anabwera kuchokera ku Joni kudzaika maliro. Anthu atabalalika tinatsala awiri m'nyumba, ndipo ndinazindikira kuti tinalibe zambiri zokambirana. Anachoka kuno ku Mlangeni akadali mnyamata, ndipo akaimba foni ankacheza ndi bambo ake za mpira, za ndale, za mtengo wa feteleza. Ine ankandipatsa foni kumapeto, ndingomufunsa ngati akudya bwino.

Tsiku lina masana ndinamupeza pakhonde akuyang'anitsitsa foni. Panali timizere tokwera ndi kutsika, tina tobiriwira, tina tofiira.

"Ndi masewero amenewo?" ndinamufunsa.

"Ayi amayi, ndi masheya," anatero, n'kusendera kuti ndikhale naye pabenchi.

Ndinaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma pantchito, koma mawu amenewo ndinkangowamva pawailesi. Anandifotokozera kuti kampani yaikulu imagawidwa m'timagawo tambirimbiri, ndipo amene wagula kagawo amakhala mmodzi mwa eni ake. Ndinafunsa ngati mwini wotero angapite kukampaniko kukatenga mpando umodzi n'kubwera nawo kwawo. Anaseka kwambiri, koyamba chifikireni. Tinakhala pabenchipo mpaka dzuwa linapendeka. Sindikumbukira kuti ndinachezapo naye motalika choncho chikulire chake.

Atabwerera ku Joni nyumba inakula. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Bwanje, ndipo nthawi ya mpunga sapezeka. Azimayi a kutchalitchi anabwera masabata oyambirira, kenako aliyense anabwerera kumunda kwake. Ndinkaphika m'kapoto kakang'ono, n'kudyera momwemo.

Ndikamulembera mwana wanga wa ku Joni uja kuti "Uli bwanji kumeneko?" yankho linkabwera mawa lake, la mawu awiri. Koma tsiku limene ndinalemba kuti "Kodi masheya aja munthu amagula kuti?" foni inalira ndisanafike n'komwe kudimba. Sindinachite kukonza kuti zikhale choncho, koma ndinaziona, ndipo ndinayamba kusunga mafunso.

Kwathu netiweki imagwira bwino malo amodzi okha, kuseri kwa khola limene munkagona ng'ombe za malemu. Ng'ombezo tinagulitsa iwo akudwala. Ndinaikako mpando wachitsulo, ndipo m'mawa ndikachoka kumunda wa kachewere ndinkakhala pamenepo, mphepo ya kuphiri ikundiwomba m'makutu.

Ndinafunsa zambiri. Kodi kampani ikagwa adzabwera kudzandilanda mbuzi? Anati ayi, chimene ndingataye ndi chimene ndaikamo chokha. Kodi buloka ndi ndani, ndipo amadya chiyani? Anati ndi kampani yovomerezeka imene imakugulira ndi kukugulitsira pamsika wa masheya, ndipo imadula kangachepe nthawi iliyonse imene wagula kapena kugulitsa. Iye ankagulanso zinthu zina zotchedwa ETF. Anati zili ngati dengu limene muli masheya a makampani ambiri, kotero kuti imodzi ikalephera ena amakunyamula. Ndinazikonda zimenezo kuposa zonse, koma anandiuza kuti zimene iye amagula zili pamisika yakunja ndipo zimafuna ndalama zakunja, choncho ine ndiyambe ndi makampani a konkuno.

Nditagulitsa kachewere chaka chimenecho ndinapatula pang'ono. Ndinakwera minibasi kupita ku Boma kukajambulitsa chiphaso ndi kukonza za kubanki, kenako ndinatumiza zonse pafoni kwa buloka wa mumzinda amene sindinamuonepo nkhope mpaka lero. Akaunti itatsegulidwa ndinasankha kampani, ndinalemba mtengo umene ndinkafuna, n'kudina. Ndinkaganiza kuti zikhala ngati kugula mchere. Panadutsa masiku, palibe chimene chinachitika.

"Andibera?" ndinamufunsa.

"Sanakubereni. Mwatchula mtengo wanu, koma palibe amene akufuna kugulitsa pamtengo umenewo. Mukhoza kukweza pang'ono, kapena kudikira."

Ndinadikira. Tsiku lina ndikupalira, uthenga unalowa wonena kuti zatheka. Ndinaimika khasu n'kuyang'ana uku ndi uku. M'munda monse ndinalimo ndekha. Ndinawerenganso uthengawo, n'kubwezera foni m'chitenje.

Mpongozi wanga ku Joniko atabereka mwana wachiwiri, mwana wanga anayamba kuchepetsa kundiyankha. Anandilowetsa m'gulu lina la pafoni la anthu ophunzira za masheya. "Muzifunsa mmenemo amayi, muli anthu odziwa kuposa ine," anatero. Ambiri anali achinyamata a m'tauni, olemba Chingerezi chodukizadukiza. Ndinafunsa kamodzi kuti gawo la phindu limene kampani imapereka kwa eni masheya limabwera mwezi uti, komanso ngati ndiyenera kukalitenga ndekha. Wina anaika kankhope koseka. Wina anati ndifufuze pa intaneti. Mtsikana mmodzi anandiyankha bwino pambali, kuti si chaka chilichonse kampani imagawa, ndipo ikagawa zimalowa zokha kubanki. Ndinamuthokoza, ndinamufunsanso kwawo, koma sanayankhenso. M'gululo sindinalembemonso. Ndinkangowerenga.

Foni ndinkatchajitsa pagolosale ina pamsewu, ya banja lachisilamu limene lakhala pamenepo kuyambira kale. Mayi wa pagolosalepo tinkangopatsana moni zaka zonsezi. Tsiku lina pondibwezera foni anaona timizere tija.

"Pepani, si kusuzumira," anatero, "koma zimenezi si juga?"

Ndinati inenso funso limenelo ndinalifunsapo, ndipo sindinganame kuti ndinalimaliza. Amene amagula m'mawa kuti agulitse madzulo, mwina ndi juga ndithu. Koma ine ndinagula kagawo ka kampani imene imapanga zinthu zenizeni, ndipo ndangokasunga. Anaganiza kaye, kenako anati kwa iwo nkhani yaikulu ndi chiwongoladzanja, chimene chipembedzo chawo chimaletsa, choncho za mabanki sangayerekeze. Kenako anandifunsa: nanga kampani imene simakongoza ndalama? Sindinadziwe. Anati akafunsa akuluakulu a kumzikiti. Anandipatsa mpando m'kati mwa kauntala ndi kapu ya tiyi, ndipo tinachoka pa masheya n'kufika pa ana. Wake woyamba nayenso ali kunja, ndipo amaimba akafuna.

Patapita miyezi, mwana wanga anasiyiratu kuyankha. Ndinalemba funso la masheya, lenileni, la chifukwa chimene mtengo wa anga unatsikira pamene kampani inanena kuti yapindula. Silinayankhidwe. Ndinalembanso lina. Pomaliza ndinaimbira mpongozi wanga, amene sitinazolowerane kwenikweni. Analankhula motsitsa mawu. Anati mwamuna wake anasiya madengu aja amene ankawatama, n'kuyamba kugula ndi kugulitsa tsiku lililonse pogwiritsa ntchito ndalama zobwereka kwa buloka. Msika unatsika mwadzidzidzi, ndipo zambiri zimene anasunga zinapita. Ntchito ikadalipo, ana ali bwino, koma iye sakufuna kumva mawu akuti masheya, makamaka kuchokera kwa ine.

"Akuti anakuphunzitsani ngati katswiri," anatero mpongoziyo. "Manyazi, apongozi."

Ndinakhala pampando wachitsulo uja nthawi yaitali. Sindinakwiye. Ndinkangoganiza kuti mwana wanga wakhala akuvutika miyezi yonseyi, ine n'kumamutumizira mafunso a chinthu chomwecho chimene chinamupweteka.

Lamlungu nditachoka kutchalitchi ndinamuimbira, ndipo anayankha. Mawu ake anali olemera ngati a bambo ake akatopa.

"Amayi, ndikudziwa kuti wakuuzani."

"Wandiuza. Mwana wakhanda uja wayamba kukwawa?"

Anati wayamba, ndipo akukoka nsalu ya patebulo. Ndinamuuza kuti denga la khitchini likudontha, kuti mbuzi yakuda yaswa awiri, kuti msuweni wake wa ku Champiti wakwatira popanda kuitana aliyense. Iye ankangoti "eya", "zoona", koma sanadule. Chakumapeto anafunsa ngati ndagulitsa masheya anga. Ndinati ayi. Anati ndachita bwino, kapena mwina sindinachite bwino, iye sakudziwanso. Bandulo inandithera tili pakati pa nkhani ya denga.

Khirisimasi ya chaka chimenecho sanabwere, ndipo sindinayembekezere kuti abwera. Ndinaphika nkhuku, theka ndinapatsa anansi. Panopa amaimba mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri amandipatsa adzukulu kuti andiimbire nyimbo za kusukulu m'chilankhulo chimene sindimva. Za msika sitikambanso. Funso likandigwira ndimawerenga ndekha pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno, ndipo zina sindizimvetsabe.

Mayi wa pagolosale sanagule masheya. Anati akuluakulu anasiyana maganizo, ndipo iye anasankha kuwonjezera katundu m'shopu. Koma Lachisanu amuna ake akapita kukapemphera, mayiyo amanditumizira uthenga kuti ndikakhale naye pakauntala. Ndimapita mvula ikalola. Ikakhala yambiri msewu wathu umaterera, ndipo ndimakhala pakhomo kusankha mbewu ya kachewere.