Mvula ya M'kheni ya Mayi Nakoma

Mayi Esteri Nakoma anathyola tiyi zaka makumi atatu ndi ziwiri, koma sanakwezedwepo ngakhale kukhala wothandiza kapitawo. Ulesi analibe, dengu lawo linkadzaza anzawo akadali kumanga chitenje. Vuto linali pakamwa. Anabadwira m'nyumba za kampani, bambo awo atabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, ndipo chiyambire utsikana, akaona chinthu chokhota ankanena pomwepo kuti chakhota, mwini wake ali chiimire. Kapitawo wina anawasamutsa munda katatu chifukwa chomuuza pagulu kuti sadziwa kudulira tiyi. Anthu otere timawayamikira akakhala kutali, akayandikira timayang'ana kumbali.

Atapuma pantchito anakakhala kuseri kwa Chinakanaka, pafupi ndi mlatho wa mtsinje wotsika m'phiri. Chaka chimene Napolo anatsika ndi mvula ya namondwe Freddy, madzi anakokolola nyumba za kudambo la kumunsi, ndipo mwana wawo Rosie anapulumuka ndi ana ake awiri pokwera mumtengo wa mango. Zitadutsa izi, bungwe lina linazika pamlathopo ndodo ya manambala yoyezera madzi, n'kukhazikitsa komiti ya anthu asanu ndi mmodzi yoti iziwerenga mosinthana. Madzi akafika poopsa, wowerengayo atumize uthenga pafoni, uthengawo ukalize mafoni a kudambo kuti anthu athawire kusukulu. Kuchoka pamlatho kukafika kudambo, madzi amayenda mphindi makumi awiri basi. Mayi Nakoma analowa m'komitimo osaitanidwa, poti Rosie anali atamanganso pompaja, pafupi ndi munda wake.

Pulogalamu ya m'mafonimo anaipanga achinyamata a ku Blantyre, ndipo mu Okutobala anatuma mmodzi wa iwo, mtsikana wotchedwa Millie, kuti adzaione ili m'manja mwa eni ake. Dzulo lake wapampando wa komiti, a Jailosi, nkhalamba yofatsa imene inagwirapo ntchito ya nkhalango ku Chambe, m'phirimo, anasonkhanitsa anthu awo.

"Mlendo ndi mame," anatero. "Anthuwa atipatsa mafoni mwaulere. Tikayamba kunyoza ntchito yawo, akapatsa mudzi wina. Akafunsa, tiyankhe kuti zili bwino. A Nakoma, ndikunena inu."

M'mawa mwake anakhala pamabenchi m'kalasi, Millie n'kuwaonetsa njira yake: lowetsani nambala yachinsinsi, sankhani mtsinje, sankhani tsiku, lembani pamene madzi afika, kenaka dinani kakalata kali pakonako. Atatha anawagawira mapepala okhala ndi tinkhope, kosekerera ndi kokwinya, kuti aliyense achonge mmene waionera. Onse anachonga kosekerera. A Jailosi anali ataigwira foniyo ndi manja awiri ngati mbale ya alendo, osadina chilichonse, koma ndiwo anayamba kuyamikira kuti, "Ili bwino kwambiri, madamu."

Mayi Nakoma anapirira ndithu, tisawanamizire. Anapirira mpaka Millie ananyamula chikwama chake. Koma mtima unali kudambo kwa zidzukulu zawo, ndipo mawu anatuluka okha.

"Mwanawe, kodi madzi amasefukira m'kalasi muno?"

"Ayi, amayi."

"Nanga bwanji taiyesera muno, titakhala pabenchi, manja ali ouma?"

A Jailosi anatsokomola chifuwa chimene analibe. Koma Millie sanakwiye, anaika chikwama pansi n'kunena kuti mapepala osekerera okhaokha ankamukayikitsa kale. "Ndiperekezeni kumtsinjeko, amayi," anatero.

Okutobala alibe mvula, ndiye mayi Nakoma anaipanga okha. Anabwereka kheni yothirira ndiwo, n'kuimika mayi wina wa m'komiti pamwamba pa mwala kuti aziwathirira pamutu ndi m'manja. Anthu odutsa panjinga anaima kuonerera nkhalamba ikuthiriridwa ngati tomato. Millie anatulutsa wotchi ndi kabuku.

"Ine sindikuthandizani, ndingoyang'ana," anatero. "Zonse zimene zikubwera m'mutu muzilankhula mokweza. Ndipo sitikuyesa inu, tikuyesa foni."

Kuuza mayi Nakoma kuti azilankhula mokweza! Analankhula mpaka cholembera cha Millie chinalephera kuwatsatira. Galasi la foni litanyowa linasiya kumva chala chawo, chala cholimba ngati khungwa chifukwa cha zaka zija za tiyi. Akadina seveni, inkalemba wani. Timanambala tinali tating'ono, dzuwa likawala sitinkaoneka. "Ikundifunsa dzina la mtsinje, kodi pano pali mitsinje ingati? Ikundifunsa tsiku, iyo yokha siidziwa kuti lero ndi Lachiwiri?" Kakalata ka pakona kaja anakasaka mpaka thukuta, poti iwo ankayesa kamtsamiro. Uthenga unapita patatha mphindi zisanu ndi ziwiri. Anthu ena anayi anayesanso, atatu mwa iwo analephera kutumiza n'komwe.

A Jailosi anakana, amvekere maso akuwavuta lero.

"Manyazi anapha lambe, a tcheya," anatero mayi Nakoma. "Tsiku lanu lowerenga madzi lidzafika, Napolo sadzafunsa za maso."

Nkhalambayo inayesa, madzi akutsika m'khosi. Patatha mphindi zisanu ndi zinayi inabweza foni n'kunyamuka osatsanzika.

Millie anabwerera ku Blantyre ndi mafoniwo, ndipo masabata atatu anapita iye osamveka. Mudzi wonse unagwirizana kuti mayi Nakoma achititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa mlendo, ndipo mafoni apita. Pachitsime azimayi ankasintha nkhani iwo akafika. A Jailosi ankati akawaona panjira, amapeza chowerama nacho. Mayi Nakoma anachita mantha, mantha enieni, poti mitambo inali itayamba kusonkhana pa Chambe ndipo ngati mafoni apitadi, ndiye kuti pakamwa pawo pawasiya Rosie ndi ana opanda wowachenjeza.

Sabata yachinayi Millie anatsika minibasi ali ndi mafoni aja. Nambala yachinsinsi anali ataichotsa, mafunso a mtsinje ndi tsiku anachoka. Pagalasi panali chithunzi cha ndodo ya pamlatho yomweyo, yogawidwa patatu: pobiriwira, pachikasu ndi pofiira. Munthu ankangodina pamene madzi afika. Ena anaomba m'manja, mayi Nakoma anapita kukabwereka kheni.

Anaibweza kawirinso ntchito ya mwana wa eni ake. Ulendo woyamba chikasu chija chinkasowa padzuwa, ndipo galasi likanyowa linali logontha monga kale. Ulendo wachiwiri foni inkayankha ndi mawu kuti uthenga wapita, iwo n'kufunsa ngati Millie anamvapo mkokomo wa mtsinje wodzaza. Mtsikanayo ankapukusa mutu, kulemba, n'kubwerera ku Blantyre. Pomaliza anabwera ndi njira yosadalira galasi: madzi akafika pofiira, finya katatu batani la m'mbali mwa foni, iyo inthunthumira m'dzanja kusonyeza kuti uthenga wapita. Mayi Nakoma anatumiza m'masekondi khumi ndi limodzi, ali chithiriridwe.

"Yatheka!" anatero Millie.

"Kwa ine yatheka. Koma ine ndaigwira kambirimbiri, ndayamba kuizolowera. Ukayese ndi a tcheya. Ikawamvera iwowo, yatimvera tonse."

Mayi Nakoma anapita okha kwa a Jailosi, nagwada pakhomo monga mwa mwambo, chinthu chimene anthu ambiri sankadziwa kuti amachitha. Sanapepese pa zimene ananena, anapepesa poti anazinena pagulu. Nkhalambayo inabwera kumlatho, inafinya katatu, foni inanthunthumira. Inangoti "Hm," n'kubwerera kwawo.

Lachitatu lina mu Januwale, mayi Nakoma anali ku Chitakale kokagula mbewu ya nyemba. Cha m'ma 2 koloko masana phiri linada bii, mvula n'kukhuthuka yosaona munthu wa patsogolo pako. Maminibasi anaima. Ali chibisalire pakhonde la sitolo anakumbukira kuti lero wowerenga madzi ndi a Jailosi. Anapemphera zosalongosoka. Kenaka foni yawo inalira kulira kwa chenjezo, kofanana ndi kumene kunali kulira nthawi yomweyo m'nyumba zonse za kudambo.

Anafika kusukulu dzuwa lisanalowe, atayenda wapansi theka la njira. M'makalasi munali modzaza anthu, mbuzi ndi mitolo ya zofunda. Rosie anali pakona akupukuta ana. Madzi anali atagwetsa nyumba zisanu ndi ziwiri, ya Rosie pakati pa izo. Pakhonde panali a Jailosi, matope mpaka m'chiuno, akunjenjemera ndi kuzizira.

"A Nakoma," anatero, "ndinagwa kawiri pamlatho paja, magalasi anga apita ndi madzi. Sindimaona kanthu, mayi. Chala chinangopeza chokha."

Mayi Nakoma anavula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa, misozi ikutsika, mtima utadzaza ndi kunyada kosabisa. M'kalasimo aphunzitsi aakulu anayamba kuitana mabanja a kudambo limodzilimodzi, makumi anayi ndi atatu, ndipo palibe dzina limene linasowa woyankha.