A Tedson Kalilu ndi Ndalama za Pansi pa Mbale

Abale okondedwa mwa Ambuye, sabata yatha tidaika m'manda bambo Tedson Kalilu, aja ankakhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi khomo, diso limodzi lili lotseka. Ana athu amayesa kuti adabadwa choncho. Ayi ndithu, diso lija lili ndi mbiri yake, ndipo ena mwa ife sitifuna kuikumbukira.

A Tedson adabadwira kwa Malengachanzi, m'banja la alimi a mpunga. Bambo awo adamwalira iwo ali aang'ono, sukulu n'kuthera pomwepo. Adakula akuingitsa mbalame m'munda, Lamulungu n'kumatumikira pa guwa. Atakwatira adabwera kuno ku Benga, nalembedwa ntchito yoperekera zakudya pa lesitilanti ina ya m'mbali mwa msewu. Ntchito imeneyi adaigwira mpaka imvi.

Inu mukudziwa momwe timawachitira anthu otiperekera chakudya. Timawaitana ndi likhweru, kapena kugogoda tebulo ndi supuni, "Iwe! Tafulumira!" ngakhale munthuyo ali msinkhu wa bambo athu. Nsomba ikachepa wolakwa ndi iye, ngati kuti ndiye adaiwedza. Dalaivala wina adawathira a Tedson msuzi pa malaya chifukwa choti mpunga udachedwa. A Tedson adangopukuta, n'kubwera ndi beseni ndi jagi kudzamusambitsa m'manja. Anzawo atawafunsa kuti mtima wotere adautenga kuti, adaseka. "Ambuye adasambitsa mapazi. Ine zangondigwera za m'manja, ndiye ndidandaulenji?"

Tsono kudabwera a Zaidi, Msilamu wogula mpunga, amene adakhalapo zaka ku Joni. Iwowa adali ndi khalidwe lachilendo kuno: akadya n'kulipira, ankasiya ndalama ina pansi pa mbale, ya amene wawaperekera. Tsiku loyamba a Tedson adawathamangira mpaka pa msewu poyesa kuti aiwala.

"Si kuiwala, achimwene," adatero a Zaidi. "Kunja kuja inenso ndinkanyamula mbale. Kupweteka kwa miyendo ndikukudziwa. Ndi kangachepe chabe, kothokoza."

Koma kwathu kuno munthu wopatsa asanapemphedwe timamukayikira. Manong'onong'o adayamba pa msika. Ndalama yanji yobisa pansi pa mbale? Bwanji osapereka m'manja anthu akuona? Ena adati ndi chitaka. Ena adati munthuyo ndi wokhwima, akugula miyoyo kuti malonda ake aziyenda. Mwini lesitilanti adayamba kuika khala m'kabati ya ndalama, lotchinga chitakacho.

Kenako mwana wa mayi Rahila, mnzawo wa a Tedson pa ntchitoyo, adatentha thupi, ndipo sabata isanathe adatisiya. Kuchipatala adati malungo. Koma mtima wa mayi wofedwa sukhutira ndi mawu oti malungo. Polira pa maliro adafuula, "Ndidatola ndalama ija ine! Ndagulitsa mwana wanga ndi manja angawa!" Mawu aja adafika nyumba iliyonse dzuwa lisanapendeke.

Patapita masiku a Zaidi adafika masana monga mwa nthawi zonse, osadziwa kanthu. Atangoyamba kudya, panja padadzaza anthu. Wina adanyamula tayala lakale, wina chigubu cha petulo. Msika wonse udangoti zii. Ophika adathawira kuseri, mwini malo adakhoma kabati n'kuzemba. A Tedson okha ndiwo adaima pakhomo, thaulo lili paphewa, ngakhale mantha adali nawo ngati munthu aliyense.

"Tapatukani madala, tikufuna mfitiyo!" adakuwa wa tayala uja.

"Mlendo akudya," adayankha a Tedson. "Mudamva kuti zotulutsa munthu chakudya chili m'kamwa? Ndalama zake watola zambiri ndine, osati Rahila. Zina ndidagulira ana anga sopo, zina ndidaponya m'mbale ya chopereka inu mukuona. Ngati zimapha, ziyambe ndi ine. Pamene ndili moyo, munthuyu musamukhudze."

Mwala udachokera kumbuyo kwa gulu n'kuwapeza pa diso. Magazi adatsikira pa malaya, koma sadasunthe pakhomo paja. Poona magazi a munthu amene adawasambitsa m'manja zaka zonsezo, anthu adagwidwa manyazi, nayamba kubalalika mmodzimmodzi. Wa tayala uja pochoka adangoti, "Chabwino, tidikira."

Ndipo adadikiradi, abale anga. Zimandiwawa kulemba izi. A Zaidi adasamukira ku Dwangwa, koma Dwangwa si kutali. Zaka zonse zotsatira, a Tedson akangotsokomola m'tchalitchi makosi ankatembenuka. Akagwidwa malungo ankadzikoka kupita kuntchito thupi lili moto, kuopa kuti mbiri ingamveke yoti zija zayamba. Mayi Rahila sadawalankhule kwa nthawi yaitali, koma iwo sadaleke kuwapatsa moni ndi kuwanyamulira ndowa zolemera. Tsiku lina mayiwo adangolira n'kuwagwira dzanja, nkhani ya awiriwo idathera pamenepo.

Chaka chathachi miyendo yawo idayamba kutupa. Adokotala adati mtima watopa. A Tedson ankadziwa zimene anthu amanena akaona munthu akutupa, choncho masiku apitawa, matenda atakula, adaitanitsa bambo mfumu pamodzi ndi ife akuluakulu a mpingo. Atalandira masakramenti adatiyang'ana ndi diso lawo limodzilo.

"Imfa sindikuiopa," adatero. "Ndikuopa mawu anga aja. Ndidamangirira moyo wa mnzanga ku moyo wanga, tsono wangawu ukutha. Mukalengeze, ndipo mukalembe, kuti aliyense amve chimene chanditenga."

Adagona mwamtendere m'mawa mwake, mayi a kunyumba akuwaimbira nyimbo ya Amayi Maria.

Pa maliro pomwepo ena tidawamva akunong'ona kale zoti ndalama zija ndizo zawatenga. A Zaidi ali moyo, ali ndi zidzukulu zimene zimawathamangira akamabwera ku msika. Choncho tikulengeza monga adatitumira: bambo Tedson Kalilu amwalira ndi matenda a mtima, atakalamba, atakhuta masiku. Palibe munthu amene wawapha. Mzimu wawo uuse mu mtendere, ndipo inu amene mudati mudikira, musayerekeze kukwera galimoto ya ku Dwangwa.