Tsiku limene ba Edness anabereka chubu

Amene anaimapo ndi basi pa Chinyunyu amawadziwa ba Edness Chabwela, ngakhale dzina asalidziwe. Ndi mayi uja wamfupi, wa pakamwa posapuma, amene amakuponyera chitumbuwa pa windo basi itanyamuka kale. Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akukazinga m'kakhitchini kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ana anayi aphunzira sukulu ndi chiwaya chimenecho. Kakhitchiniko kali ndi kawindo kamodzi kochepa ngati buku, ndiye getsi limayaka ngakhale masana. Malaiti atafika kwawoko anaikitsa chubu cha getsi chachitali choyera pamwamba pa tebulo lokandira, ndipo ankachikonda kuposa achibale ena.

Chaka chatha chubucho chinakalamba. Nsonga zake zinada bii, n'kuyamba kuphethira. Phethi! Phethi! Kenaka mdima, kenaka ngwee! Mlamu wawo ba Estina, amene amawathandiza kukanda, anati khitchini yasanduka disko, n'kumavina ndi beseni m'manja. Ba Edness ankaseka nawo, koma mumtima munali zina.

Chinkawadya chinali mwendo wa amuna awo, ba Mordecai. Bamboyo anadzitema ndi nkhwangwa pamwamba pa kakolo, ndipo miyezi iwiri inatha chilonda osapola. Anachiviika m'madzi otentha a pa kasupe, anamatapo masamba, anadonthezapo ngakhale mafuta a mabuleki. Koma kutchula kiliniki, ayi ndithu! Mkulu wawo anapita kuchipatala ndi chilonda n'kubwerako ndi mwendo umodzi, ndiye ba Mordecai anati kumeneko amadula. Zoti mkulu wawoyo anapita mochedwa sankafuna kuzimva. Ba Edness ankaopa, kuopa kwenikweni, chifukwa fungo linali litayamba kumveka pa nsalu yomangira.

Lolemba lina ba Mordecai anatulukira ndi chubu chatsopano mu katoni yake, akumwetulira mano onse panja. Munthu wosagula ngakhale machesi!

"Batate ba Jordan, mwadwala mutu?" anafunsa ba Edness.

"Ikani chatsopano, bamake Jordan, chakale munipatse. Anzanga ba pa nsolo baniuza. Ufa woyera wa mukati muja uumitsa chilonda masiku atatu chabe."

Mayo ine! Ba Edness anakumbukira mawu a ba Anastasia, nesi wa ku Rufunsa amene amaimba nawo kwaya akakumana ku parishi: m'chubu muli poizoni wotchedwa mekyule, osachiphwanya, osachitentha, osachiponya m'chimbudzi kapena kudzala. Chikatha chibwere ku kiliniki, akachisunge ndi machubu awo akale mpaka galimoto idzawatengere ku Lusaka. Koma ba Mordecai ukawatsutsa ndiye wawathira mafuta. Ba Edness anangoti, "Chabwino."

Anazimitsa swichi, n'kudikira chubu chizizire. Anakwinya chitenje, anakwera pa tebulo, ba Estina atagwira miyendo ya tebulolo uku akuseka kale. Anagwira chubu kunsonga zonse ziwiri, kuchipotokola pang'ono, gweje! chatuluka. Pansi ba Mordecai anali chiimire, mwala kudzanja lamanja, mbale ya chitsulo kumanzere.

"Nipatseni."

"Yembekezani, mdala, muzanigwetsa!"

Ba Estina anasolola chatsopano mu katoni n'kupereka. Ba Edness anachilowetsa, anasinthanso kasitata kaja kooneka ngati batire, n'kuuza amuna awo kuti atabwanye swichi. Ngwee! Khitchini yonse mbee, mpaka mwaye wa kudenga kuoneka. Ba Estina anaimba nthungululu. Ba Mordecai anayang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa, ndipo mphindi imeneyo inakwana. Chubu chakale chinali chitalowa kale mu katoni ya chatsopano. Ba Edness anachiika kumsana, kumanga ndi chitenje ngati khanda, kutsika pa tebulo, liwiro la kumsewu!

Anthu a pa msika anaona zimene sanaonepo. Kutsogolo mayi wa vitumbuwa, katoni itatalika kupitirira mutu, akuthamanga mosamala ngati wasenza mazira. Kumbuyo mwamuna wake tsimphi! tsimphi! mbale ili m'manja, akukuwa, "Mankhwala anga! Gwirani mkazi uyo!" Palibe anagwira. Onse anali atagwira nthiti.

Minibasi ya ku Rufunsa inali itaima. Ba Edness analowa, kumasula khanda lawo, kuligoneka pa miyendo ya anthu anayi. "Musanikhalire mwana, ni wosachedwa kulira!" Kondakitala ataona mdala akutsimphina, anamenya chitseko kuti dalaivala adikire. "Fulumirani, batate, malo alipo!" Ba Mordecai anakankhidwira mpando wakumbuyo, minibasi n'kunyamuka.

Ulendo umenewo! Pa dzenje lililonse minibasi yonse inkakuwa, "Chubu!" manja asanu ndi atatu n'kukweza katoni m'mwamba. Ba Mordecai akati atambasule dzanja, mayi wina wa duku lofiira ankawamenya pa zala. Anafotokoza za ufa woyera, wina anavomereza, atatu anatsutsa, mkangano unabuka. Maso a ba Edness anali pa katoni. Cholinga chawo chinali kungochotsa poizoniyo pakhomo, basi. Atadutsa milatho iwiri m'pamene anazindikira chimene chinkachitika. Anacheuka, kuona amuna awo ali khale, mbale pa maondo, akupita okha kumene anakana miyezi iwiri. Kuseka kunawaphulikira. Anaseka mpaka kutsamwa, mpaka kondakitala anafunsa ngati amwa.

Pa Rufunsa ba Edness anatsika n'kuberekanso katoni ija. Ba Mordecai anawatsata akulongolola, kudutsa msika, kulowa pa geti, mpaka pa khonde. Ba Anastasia anatuluka, analandira katoni ndi manja awiri.

"Sichinasweke?"

"Chamoyo, basisita. Chabe sichinabwere chokha."

Ba Anastasia anakaika chubu m'chipinda chosungiramo katundu, n'kukhoma. Pobwera anayang'ana pansi, pa nsalu yakuda ija, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Ba Chabwela, khalani pa benchi apa."

Apo m'pamene ba Mordecai anakweza maso n'kuona mabenchi, mayunifomu, zithunzi za pakhoma. Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kugwira chitenje cha akazi awo.

"Bamake Jordan," anatero ndi kamawu kakang'ono, "bazanidula?"

Ba Edness nawonso sankadziwa. Nesi anamasula nsalu, anayang'ana nthawi yaitali, anadina m'mbali mwa chilonda.

"Mukanachedwa masabata ena awiri, sembe tikamba zina. Lero ni kutsuka, nyeleti, na mapilisi. Muzibwera mpaka nikakuuzeni kuti basi. Mwendo ni wanu."

Mayi amene anaseka msewu wonse uja anakhala pansi pa simenti n'kulira mokweza, osachita manyazi ndi anthu a pa mzere. Ba Mordecai anabayidwa nyeleti atatsinzina, akutchula oyera mtima onse amene ankawakumbukira. Atatuluka anali chigwirire mbale ija.

"Nanga mbale ni ya chani?" anafunsa ba Anastasia.

Mdala anaiyang'ana, anayang'ana akazi awo amene ankapukuta misozi uku kuseka kukubwereranso.

"Ni ya mankhwala," anatero.

Ba Anastasia anaikamo timapepala tiwiri ta mapilisi, ndipo ba Mordecai anainyamula ndi manja awiri mpaka kunyumba.