Batani la Pamimba

Amama atamwalira, abale anga anagawana zitenje, mapoto ndi nsapato. Ine ndinatenga chinthu chimodzi chokha, bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano cha amayi. Ndinaipinda pansi pa sutikesi, ndikulumbira kuti tsiku lodzavekedwa yunifolomu kutchalitchi kwathu, ndidzavala imeneyo basi.

Nthawi itayandikira ndinaitulutsa kuti ndiyese. Mabatani a pachifuwa analolera monyinyirika. Koma pamimba, batani ndi bowo lake anangoyang'anizana chapatali ngati anthu okwiyirana. Ndinakokera mpweya m'kati, ndinayesa nditagona chagada, ayi ndithu. Kusoketsa ina sikukanavuta, matelala ku Kitwe ndi mbwee, koma mtima wanga unali pa iyi.

Bambo woyandikana nafe nyumba amagula zitsulo zakutha, ndipo ali ndi sikelo yaikulu yapansi. Ndinayamba kumazembera kumeneko m'mawa, anthu a mawilibala asanafike. Tsiku loyamba bamboyo anasuzumira manambala, n'kuimba mluzu.

"Ba mayo, nayinte-thu! Sembe ndimwe kopa, sembe nagula motoka lelo."

Ati ndikanakhala mkuwa akanalemera nane tsiku lomwelo. Ndinaseka naye, koma kunyumba ndinafika mtima ukuwira.

Nkhani inamupeza mlamu wanga wa ku Ndola, amene amagulitsa mumsika wa Masala ndipo sasowa mankhwala a vuto lililonse. Anabwera ndi kapaketi ka tiyi wochepetsa thupi.

"Mulamu, uyu tiyi ni moto. Wani wiki chabe, muzaona."

Ndinaonadi. Njira ya kuchimbudzi ndinailoweza mpaka ndikanatha kuyenda nditatsinzina. Nsima ndinaileka, ndiwo ndinkangonyambita. Sikelo nayo inayamba kundikonda: nayinte, kenako eyite-seveni. Bambo wa zitsulo anandiombera m'manja, ine ndinathamangira kusutikesi.

Mikono ya bulauzi inali lende. Masaya anga anali atagwa, khosi litatalika. Koma mimba inali phee pamalo pake ngati yalipiriratu lendi ya chaka chonse. Batani lija silinasunthe n'komwe.

M'mawa wina ndinalephera kunyamula ndowa ya madzi pampopi. Maso anachita mdima, ndinangokhala pansi pomwepo. Mwatsoka kapena mwamwayi, atate anatulukira nthawi yomweyo. Iwo chipumireni ntchito ya kumgodi amakhala pa puloti yawo ku Garneton, ndipo tsikulo anabwera kudzatisiyira repu. Anandiyang'ana manja kwa nthawi yaitali.

"Amako anayamba so," anatero motsitsa mawu.

Nthabwala zinandithera. Ndinakumbukira miyezi yotsiriza ya amama, thupi likutha, mikono ija inkaswa nkhuni itasanduka timitengo. Mabatani a bulauzi yomweyi ndinkawamangira ndine, zala zawo zitakana. Iwonso sikelo inkatsika bwino kwambiri. Ndinachita mantha, ndipo ndinaona kuti atate achita mantha kuposa ine.

Anatenga kapaketi ka tiyi kaja n'kukaponya kudzala osafunsa mwini wake.

"Mailo ubwele ku Garneton. Uzadya, uzalima. Vamene ivi sinifuna kuvionanso."

Kuyambira mawa lakelo ndinkapita pafupifupi tsiku lililonse, ndikung'ung'udza kuyambira mu basi. Kulima mabedi, kukankha wilibala ya manyowa, kuthirira ndi makeni awiri kuchokera kuchitsime. Masana atate ankandipatsa nsima yapakatikati, nyemba, kapenta, nthawi zina mazira, n'kukhala pambali ngati mlonda mpaka mbale itayera. Fanta ndi mafiritasi, mandasi a kuno, anandiletsa. Pa mafiritasi pokha tinakangana koopsa.

Patapita masabata angapo ndinabwerera kwa bambo wa zitsulo. Nayinte! Ndinatsika, ndinavula nsapato, ndinakweranso. Nayinte yomweyo. Ndinatsala pang'ono kuimenya theche sikeloyo. Matuza onse aja m'manja, malipiro ake kukwera?

Ndili chiimire, kunabwera munthu ndi rediyeta yakutha ya galimoto. Bamboyo asanaiike pa sikelo anaipendeketsa, madzi a dzimbiri n'kukhuthuka, kenako anaigogoda kuti dothi ligwe. Ndinayang'ana madziwo akulowa pansi. Sikelo siisankha. Kopa, dothi, madzi, imangophatikiza. Pa munthunso siidziwa kuti awa ndi mafuta, uwu ndi mnofu. Tiyi uja anangondikhuthula madzi n'kundidya mikono, mafuta anawasiya ali gone.

Komabe bulauzi ndinkaiopa. Siketi ikamatsetsereka ndinkanamizira lasitiki. Ndinafika pobwereka bulauzi ya mnzanga wa kwaya kuti ndisadzachite manyazi pamaso pa mpingo.

M'mawa wa tsiku lovekedwa yunifolomu, yobwereka ili pabedi yositasita, ndinati ndingoyesa komaliza kuti mtima ukhale pansi. Batani loyamba, lachiwiri, lachitatu. La pamimba linalowa mwakachetechete, ngati silinavutepo munthu. Ndinapuma, silinaduke. Ndinakhala pampando, silinaduke. Ndinakuwa mpaka ana anathamangira kuchipinda poganiza kuti ndaona njoka.

Atate ankandidikira panja atavala jekete lawo la Lamulungu. Ndinatuluka ndikuloza pamimba kuti aone ntchito ya khasu lawo. Iwo pamimbapo sanayang'anepo. Maso awo anali pa mikono ya bulauzi, yomwe tsopano inali itadzaza bwinobwino, mmene inkadzazira kale mwini wake akadali ndi mphamvu.

Anandigwira pamkono, n'kufinya pang'ono.

"Manja ya amako aya," anatero.

Kenako anatulutsa kampango n'kuyamba kudandaula za fumbi la ku Kitwe, chonsecho usiku kunagwa mvula.