Kusaka gwape ndi kamera ku Lobi

Ndinanyamuka pa Dedza boma Lachiwiri cha m'ma sikisi koloko m'mawa, chifunga chitaphimba phiri lonse, zala zitachita kuuma ndi chisanu. Ine ntchito yanga ndi kujambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso. Nyama ndinali ndisanajambulepo, kupatula mbuzi zongolowerera kumbuyo kwa akwati. Koma bambo anga, amene ali chigonere chiwagwireni sitiroko chaka chatha, anali atandivutitsa mwezi wathunthu. Pa unyamata wawo kwawo ku Lobi anali katswiri wotchera misampha, ndiye tsopano zinkawadya mumtima kuti agwape a kumeneko anawamaliza ndi iwo. "Pita ukandijambulire mmodzi yekha," ankatero, "ndidziwe kuti ndinasiyako." Ndinalonjeza, ndipo kunena zoona ndinalonjeza chifukwa chotopa nawo.

Minibasi yopita ku Linthipe inali K3,000. Kondakitala anandiuza kuti kwangotsala munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo tinamudikira ola lathunthu. Galimoto itayamba kudzaza, anthu anayi amene ndinawapeza atakhala bwinobwino m'katimo anatsika mmodzimmodzi. Kani anali ongokopa ife opusa.

Pa Linthipe ndinadya tchipisi cha pachiwaya cha K1,500 ndi kabichi wotsina pang'ono, kenako ndinakwera njinga yamoto ya K8,000. Wanjingayo atamva za ulendo wanga anacheuka tili pa liwiro.

"Gwape, bwana? Mukufuna ndiwo?"

"Chithunzi chabe. Yang'anani kutsogolo."

"Ulendo wonsewu chithunzi? Koma anthu a pa boma muli ndi nthawi."

Ndinangolavula fumbi limene linali litadzaza m'kamwa.

Kumudzi ndinafika cha m'ma leveni, ndipo cholakwa changa chinali kukoleka kamera m'khosi. Azakhali anga atangoiona analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala chitenje chatsopano ndi duku lake. Kenako anabwera ana awo, azipongozi awo, amayi a kwaya asanu ndi awiri, ndi mkulu wina amene anaumirira kujambulitsa atagwira njinga yake, kenako atakwerapo, kenako njinga payokha. Mungawakane bwanji abale amene simunawaone zaka zisanu, chikho cha thobwa chili m'manja mwanu? Pomwe ankandimasula, batire linali litatsala kamzere kamodzi. Linzake ndinali nditalisiya pa magetsi kuntchito, ndipo pamenepo panalibe wina womukwiyira koma ine ndemwe.

Cha m'ma fili koloko a Maliseni, mng'ono wawo wa bambo anga, ananena kuti tizipita. Iwowa ndiwo ankati amadziwa kumene kuli agwape. Tinadutsa minda ya nyemba, tinakwera zitunda za zitsa zokhazokha, mtengo woti n'kubisala ngakhale khoswe osaoneka. Aliyense amene takumana naye, a Maliseni ankaima. Moni wake osati wa "mwaswera bwanji" n'kupitirira ayi, koma mpaka afunse za ana, za chifuwa cha agogo, za feteleza. Ine ndikuyang'ana dzuwa likupendeka, mtima ukuwira.

"Bambo aang'ono, kodi tifika lero?"

"Gwape sathawa, mwana wanga. Munthu ndi amene amadandaula ukamudutsa."

Potsiriza tinatulukira pa chigwa china, ndipo kutsidya kwake kunali nkhalango yaing'ono yothithikana, mitengo italiitali, yokhayo m'dera lonselo. Tinagona chafufumimba mu mzere wa m'munda mwa eni. Nyerere zinandilowa m'malaya, mwendo unachita dzanzi, chisanu chinayambiranso. Ndinazimitsa kamera kuti kamzere kanga kasathe.

Itangokwana faifi koloko, udzu wa m'mphepete mwa nkhalango unagwedezeka. Anatuluka gwape wamkazi, wotuwa, makutu ali chilili, timiyendo ngati ndodo. Pambuyo pake panali kamwana. Mtima wanga unagunda kuposa pamene mkwati akulowa m'tchalitchi. Ndinayatsa kamera, n'kuikweza pang'onopang'ono. Ndisanadine, ndinangoona mdima. Chinali chikhatho cha a Maliseni.

"Kumeneko sitilozako kamera," ananong'ona. "Ndi kumanda kwathu uko, ndipo a gule wamkulu amavalira momwemo. Iwe unakulira ku mishoni ku Bembeke, gule sunalowe. Ukajambula, mlandu wake sitingauthe."

"Ndikujambula gwape, osati manda."

"Nanga kumbuyo kwa gwapeyo kuli chiyani?"

"Ndiye bwanji simunanene m'mawa?"

"Unati ukufuna gwape. Suyo?"

Ndinakwiya moti misozi inalengeza. Ndinawapempha kuti tidikire, mwina nyamayo isendera kumunda, kutali ndi mitengo. Tinadikira. Gwape uja ankabudula masamba pomwepo, osasuntha ngakhale mapazi khumi, ngati malamulo a mudzi akuwadziwa kuposa ine. A Maliseni anandiuza kuti n'chifukwa chake atsalako: kumanda palibe amene amagwetsa mtengo, kutchera msampha kapena kulowetsa galu. Dzuwa litabisala kuseri kwa phiri, mayi ndi mwana analowa m'nkhalango, ine n'kubweza kamera m'chikwama.

Ndinagona kwa azakhali, ndipo m'mawa wanjinga yemwe uja anandibweza ku Linthipe. Anafunsa za chithunzi, ndinamuuza kuti ayang'ane kutsogolo. Njira yonse ndinkaganiza zotenga chithunzi cha gwape wa kwina pa foni n'kuwanamiza bambo. Ndinazindikiranso chimene sindinkachidziwa, kuti m'mapiri athu ano nyama yatsala pokhapo pamene anthu amoyo amaopa.

Ndinafika kunyumba masana, n'kuwapeza bambo atawakhazika pakhonde kuti aothere dzuwa. Bodza linandikanika.

"Chithunzi ndilibe, bambo. Koma ndamuona ndi maso angawa, wamkazi, ali ndi mwana. Vuto amakhala kumanda kwanu, ndiye a Maliseni anandiletsa."

Anandiyang'anitsitsa. Ndinkadikira kuti andikalipira.

"Ali ndi mwana, eti?"

"Inde."

"Kumanda kwathu kwenikweni, kumene kuli amayi?"

"Komweko."

Anamwetulira ndi mbali ya nkhope imene imagwirabe ntchito. "Basi, usavutikenso. Ndikamuonera komweko."

Ndinawakonzera bulangete pa mawondo, n'kulowa m'nyumba msanga kuti asandione nkhope.