Malo Amodzi mu Timu ya Esiteti

Ndimakumbukira machubu awiri a njinga, odula pakati, othiramo mchenga wa kumtsinje n'kumanga ndi luzi. Ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, akununkha thukuta ndi labala. Anali a achimwene anga. Tambala akalira ankawamanga m'akakolo n'kuthamanga chokwera m'mizere ya tiyi, akabwerako n'kubereka dengu kukatchola ngati wina aliyense.

Chaka chimenecho ndinali Sitandade 3. Timu ya mpira ya esiteti inkafuna munthu mmodzi, ndipo wotengedwayo ankachoka kumunda n'kulowa ntchito ya m'fakitale, yapamthunzi, yosatha ndi nyengo. Pakhomo pathu ofuna malowo anali awiri: achimwene, ndi amalume, mlongo wa amayi wotsiriza kubadwa, amene ankasiyana ndi achimwenewo miyezi chabe.

Amalume sanathamangepo m'mawa. Ankadzuka dzuwa litakwera, nzimbe kukamwa, koma mpira ukafika paphazi pawo unkafatsa ngati mwana amene wamva mawu a mayi ake.

"Mphwanga, mchengawo ukufuna umangire nyumba?"

Achimwene ankangoti, "Sekani, malume, sekani."

Aphunzitsi amene ankaimba wezulo ankati, "Uyu anapatsidwa, uyu akupempha." Ife ana tinkaseka. Mulungu andikhululukire, ine ndinkaseka kuposa onse.

Tsiku loyesa, achimwene anaganiza ngati wotchola tiyi: ukawonjezera ntchito, sikelo imakwera. M'mawa womwewo anathamanga kawiri ndi mchenga uja. Pofika masana miyendo inali itafa. Kunali chiperoni, udzu woterera, phiri losaoneka n'komwe.

Amalume anaziona. Anadyetsa njomba anthu atatu, kutsogolo kutatsala goloboyi yekha, koma m'malo momenya anapatsira achimwene. Achimwene anafika mochedwa. Amalume anapatsiranso, n'kupatsiranso, mpira ukudutsa pakati pa miyendo ya anthu n'kukagona kutsogolo kwa mphwawo. "Menya, mphwanga!" Mawu amenewo ndimawamvabe ndikagwada kuti ndipemphere. Mpira uliwonse umene ankapereka unkangoonetsa akuluakulu a timu kuti katswiri ndi uti.

Akuluakuluwo anatenga amalume. Mvula isanagwe achimwene analembetsa ulendo wa kumigodi ku Joni. Makalata anabwera awiri. Kenako zii, mpaka lero.

Tsopano ndine mayi wa ana asanu, ndipo ndimathokoza Ambuye, pakuti ntchito ya amalume ya m'fakitale ija ndiyo inandifikitsa Sitandade 8. Amalumewo anasewera bwino zaka zambiri, koma kunyumba za mpira sankazikamba. Ana anga ndimawapempherera onse, wachangu ndi wochedwa, koma ndimayambira wochedwayo.

Madzulo a tsiku loyesalo ndinathamangira amalume panjira, ndikuvina, ndikufuula kuti apambana. Anandigwira paphewa mwamphamvu mpaka kuwawa, nati, "Khala chete, iwe." Ndinathamangira kwa amayi kukawanenera kuti munthu wopambana wandikalipira popanda chifukwa. Amayi anangopitiriza kusefa ufa. Ine ndinkaganiza kuti sanamve.