Mawu a Malemu Amuna Anga M'kompyuta

Ndikudziwa kuti ena muziti mayiyu wangopeka, koma ine sindingapeke nkhani pa imfa ya amuna anga, ndipo amene ankagulitsa moyandikana nane pa Mitundu zaka zimenezo angandichitire umboni ngati akadalipo. Mayina sinditchula, poti ena mwa anthuwa ndi abale ndipo timakumanabe m'maliro.

Zinali zaka zija matipate atangozika mizu, pamene aliyense wokhala ndi kakhonde ankatsegula telefoni biyulo. Nafenso tinatsegula yathu, koma tinkadzimva kuposa anzathu chifukwa amuna anga anabwera ndi kompyuta yakale imene anagula m'tauni. Ine ndinkatayipa mayeso a m'masukulu, iwo ankailumikiza ku waya wa telefoni kuti aphunzitsi ndi anamwino azitumiza imelo kwa abale awo akunja. Anali munthu wanthabwala, wokonda nyimbo kuposa chakudya. Tsiku lina anajambula mawu awo n'kuwaika m'malo mwa kabelu kaja kamene kamalira kompyuta ikamayaka, moti m'mawa uliwonse ndikaiyatsa ankandilonjera, kufunsa ngati abwana amwa kale tiyi, kenako n'kuphulika kuseka kwawo kochokera m'mimba kuja. Ine ndinkawanena kuti bambo wamkulu ngati iwo sachita zachibwana zotero.

Anadwala nthawi yochepa chabe, fodya ali m'zigafa, ndipo tinakawaika kwawo ku Nathenje. Titameta, akuluakulu anandiuza kuti mzimu auperekeza, wapita, tsono ndibwerere ndikadzithandize. Kompyuta anandisiyira, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma panalibe wodziwa poigwira. Moni wa m'mawa uja sunkandiopsa chifukwa ndinkauyembekezera. Ndinkayamba ndatseka chitseko, n'kuiyatsa, n'kuwamva, n'kupukuta misozi, kenako n'kutsegulira anthu. Pa dziko lonse lapansi mawu awo anatsala pamenepo pokha, chifukwa ngakhale kaseti ya ukwati wathu inali itadyedwa kale ndi wailesi.

Tsono masana ena, tsiku la msika, kunabwera namwino wina amenenso anali nawo pamaliro. Ndinamulumikizira telefoni, iye n'kuyamba kulemba imelo yake, ine n'kutembenuka kuti ndisanje mapepala. Mwadzidzidzi sikirini inada bii popanda woikhudza, kompyuta inang'ung'udza, kenako m'chipinda monse munamveka amuna anga akufunsa ngati abwana amwa tiyi, n'kuseka. Abale anga, mawu omwewo amene ankanditonthoza m'mawa, masana amenewo anandichititsa tsembwe thupi lonse, chifukwa sindinawaitane. Namwinoyo anatuluka liwiro n'kusiya ambulera yake, ndipo sanabwerenso kudzaitenga.

Kuyambira pamenepo zinkangochitika popanda nthawi yake. Masiku ena kunkakhala zii, masiku ena inkazima n'kudziyatsa kambirimbiri, ntchito imene ndatayipa n'kumatayika, malemu n'kumangoseka. Wina anati ndi magetsi osakhazikika, ndinagula kachipangizo kowateteza, koma ayi ndithu. Wina anati ndi fumbi la pa Mitunduli, tinaitsegula n'kuipopa ndi pampu ya njinga mpaka tonse kuyetsemula, sizinathandize. Ndinaisunthira pawindo poganiza kuti ikutenthedwa, zinali chimodzimodzi. Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangozula waya wa sipika kuti isamalankhule? Ndinaugwirapo wayawo, koma kodi munthu amene wakhala naye zaka zonsezo ungamutseke pakamwa ndi dzanja lako? Ndinkaopa akalankhula, ndinkaopanso kuti angasiye.

Nkhani inakwera minibasi n'kukafika ku Nathenje, ndipo m'mawa wina ndinangoona malume awo a malemu atulukira pamodzi ndi apongozi anga, mayi wowabala. Malumewo anati ndichite zonse monga ndimachitira kukabwera kasitomala, kuti adzimvere okha. Kompyuta inali yoyaka kale, ndiye ndinangoilumikiza ku telefoni, tinakhala pansi n'kumadikira. Sipanapite nthawi, inazima n'kudziyatsa, mwana wawo n'kulankhula. Apongozi anagwa pampando n'kukwawa mpaka pamene panali sipika, akumuitana ndi dzina lake la paubwana, akumufunsa kuti walowamo bwanji m'menemo ndipo akumva njala kapena ayi. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Malume anagamula pomwepo kuti mzimu wabwerera chifukwa unamangidwa m'bokosimo, tsono bokosilo likaponyedwe m'dzenje n'kukwiriridwa. Ndinagwada n'kuwapempha kuti ayambe aonetsa kwa okonza, ndipo atang'ung'udza anavomera, koma anati akhale wokonza wa ku Nathenje amene iwo ankamudziwa. Tinainyamula m'chitenje ngati wodwala.

Wokonzayo anali bambo wofatsa, wosathamangira kuyankha. Anasintha tizipangizo ta m'kati kamodzikamodzi, anaisiya yoyaka kwa masiku ndithu, koma kumeneko inakhala phee ngati yosalakwa, moti malume anayamba kunena kuti mzimuwo ukufuna ineyo. Ndiye bamboyo anandifunsa kuti masiku amene inkakhala bwino kwathu ankasiyana chiyani ndi enawo. Nditaganiza ndinakumbukira kuti anali masiku amene telefoni yafa, mvula ikagwa kapena akuba akadula mawaya. Anainyamula n'kukailumikiza ku telefoni ya sitolo yoyandikana naye, ndipo tisanamalize n'kucheza komwe inazima, amuna anga n'kuseka pamaso pa tonse.

Atafufuza anapeza kapulogalamu kogawana nyimbo ndi anthu a kutali, kamene malemu anaikamo. Anatifotokozera kuti kankadzitsegula kokha mobisala kompyuta ikangolumikizidwa, ndipo anthu ambirimbiri osawadziwa ankayamba kukoka nyimbo nthawi imodzi, mpaka kompyuta yokalambayo kutsamwa n'kuyambiranso. Anati mwini wake ayenera kuti ankadziwa, n'kumakatseka nthawi zonse asanapereke mpando kwa kasitomala. Pamenepo ndinawaona m'maganizo amuna anga akudina pakona ya sikirini asanadzuke, zimene ine ndinkangoti n'chizolowezi chawo. Anakachotsa kapulogalamuko, tinadikira mpaka dzuwa kupendeka ili yolumikizidwa, osazimanso.

Ndinasangalala ngati wachira ndine. Pamene ndinkakonza chitenje choikulungira, ndinaona malume akumutengera wokonza uja pambali n'kumanong'onezana, kenako wokonzayo anandiuza kuti ndidzaitenge mawa lake poti panatsala kumanga bwino zitsulo. Ndinkayesa akumuthokoza.

Nditafika nayo ku Mitundu ndinatseka chitseko monga mwa nthawi zonse n'kuiyatsa. Kanalira kabelu wamba kaja. Ndinaizimitsa n'kuyatsanso, kabelu komweko. Ndinabwerera ku Nathenje tsiku lomwelo, ndipo wokonzayo, maso ali pansi, anati malume anamulamula kuti munthu amene anamumetera kale salankhulanso pakati pa amoyo, choncho afufute mawuwo ndipo asasunge paliponse. Anati iye sakanatha kutsutsana ndi mwini mbumba. Ndinalira panjira yonse kuposa mmene ndinalirira kumanda, chifukwa kumanda kuja ndinkadziwa kuti m'mawa andilonjera.

Koma chimene chinandimaliza chinabwera patapita miyezi. Apongozi anafika okhaokha atanyamula kamtolo ka mtedza, anakhala pakhonde n'kumazungulira ndi nkhani za mvula, kenako motsitsa mawu anati asamve achimwene awo, koma akupempha ndiwayatsire bokosi lija amumveko mwana wawo kamodzi kokha. Anali asanauzidwe chilichonse. Ndinangoiyatsa, kabelu kanalira, iwo anapendeketsa mutu kudikira. Anadikira nthawi yaitali ndithu. Kenako anandifunsa ngati mwina wakwiya chifukwa tsiku lija sanamuyankhe bwino.

Lero ndikhulupirira kuti m'kompyuta muja munalibe mzimu, munali chabe nthabwala ya munthu wokonda mkazi wake ndi kapulogalamu ka nyimbo kamene ndinali ndisanauzidwe katsekedwe kake. Malumewo sindiwada, anachita zimene anakula nazo, koma bwenzi atafunsa kaye mlongo wawo. Kompyutayo inagwira ntchito zaka zambiri osazimanso yokha ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinkadana nako kukhulupirika kwakeko. Tsono inu amene makina akukuzimirani okha, fufuzani kaye zimene zinaikidwamo musanalole kuti nkhani ifike kwa akuluakulu, ndipo ngati muli ndi mawu a munthu amene mumamukonda, asungeni pawiri lero lomwe. Ine kuseka kwa amuna anga ndinkati sindingakuiwale, koma chaka chino ndayesa kukukumbukira, ndipo sikukubweranso.